Ndine mphunzitsi, ndikufuna kusiya choko nkukapanga MBA, ndifunsire kuti ndipo anganditenge?

Choko_ndi_Dasita analemba:

Moni nonse abale. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga mwakachetechete koma lero ndati nane ndifunseko, paja safunsa anadya phula. Mundipirire ndilemba zambirimbiri.

Ndimaphunzitsa masamu ndi fizikisi pa sekondale ina kunja pang'ono kwa tauni ya Zomba, ndimakhala ku Chinamwali. Digiri yanga ndi ya Education Science ya pa Chanco, ndinamaliza 2013, ndipo ndisaname inali pass wamba, credit inandiphonya chifukwa chaka chachitatu ndinkapezeka kwambiri ku Chikanda kuposa mu laibulale kkkk. Pano ndili ndi zaka 36, mkazi ndi ana awiri. Ntchitoyi sindikuyida ayi, ana anga akakhoza MSCE mtima umakhala m'malo ndithu, koma abale salale ikumatha mwezi usanafike ndi pakati pomwe, kwacha ija anaigwetsa ndi 25% mu 2022 kenako 44% mu Novembala 2023, chiyambire pamenepo ine ndimangobwereka uku kubweza uku.

Chomwe ndikufuna nkulowa mbali ya bizinesi, kaya ku banki, kaya ku inshuwalansi, kaya makampani ogula ndi kugulitsa mbewu, bola kukhale kowerengera ndalama ndi kukonza mapulani chifukwa manambala ndimagwirizana nawo. Pambali pa choko ndili ndi kageni ka mpunga, ndimapikula kwa alimi a ku sikimu ya Domasi ndi ku Likangala nthawi yokolola, kukapunthitsa ku chigayo, kulongedza mmapaketi a 5kg nkumasiya mmagolosale ku Limbe ndi ku Ndirande. Chaka chatha ndinayendetsa matumba 140. Kusukulu ndine HOD wa sayansi komanso ndakhala msungichuma wa welfare ya aphunzitsi zaka zisanu, sinasowepo olo tambala.

Nde ndikuganiza zokapanga MBA, masitazi ya kayendetsedwe ka bizinesi ija, ndipo masukulu omwe ndawaganizira ndi awa. MUBAS, imene ife akale timaitchulabe kuti Poly, chifukwa ndi pafupi ndipo ntchito sindingasiye. ESAMI, sukulu ya za management ya maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, chifukwa mlamu wanga anapanga kumeneko ndipo satopa kuyitama. UCT ku Cape Town. Kenako ku UK kudzera sikolashipu ya Chevening. Ndipo musandiseke, usiku wina tulo titasowa ndinatsegulanso tsamba la INSEAD, sukulu ya bizinesi yotchuka ya ku France ija.

Mafunso anga: ndi pass imeneyi komanso CV yoti mutu mpaka kumapazi ndi choko chokhachokha, anganditenge ndani pamenepa? GMAT, mayeso olowera mmasukulu a bizinesi aja, ndilembe kapena ndingotaya madola? Zaka 36 sindinachedwe? Ndipo chenicheni chomwe chikundisowetsa tulo, pepalalo ndikalipeza, alipo bwana amene angalembe ntchito mphunzitsi wakale wopanda experience ya mu ofesi?

NaPhiri_waMatawale anayankha:

Aphunzitsi, nkhani yanu yandikhudza chifukwa ine njira yomweyi ndinadutsamo, ndinkaphunzitsa jogalafe zaka zisanu ndi ziwiri, pano ndili ku banki mbali ya ngongole za mabizinesi ang'onoang'ono. Ndiyamba ndi funso lanu lomaliza chifukwa ndi limene lili ndi nyama, enawo ndi msuzi.

Kulowa MBA kuno kumudzi sikovuta mmene mukuopera. Ngati digiri yanu ndi yovomerezeka, zaka zogwira ntchito muli nazo zoposa zomwe amafuna, ndipo fizi mukhoza kulipira, mwayi wanu ndi waukulu ndithu, pass imeneyo isakudetseni nkhawa kwambiri, kalasi yathu munali anthu a ma pass ambirimbiri ena ndi ma manejala akuluakulu mtauni muno. Chovuta chili pawiri: kumaliza, ndi kuti pepalalo likusinthireni ntchito.

Kumaliza kaye. Ine ndinapanga ya kumapeto kwa sabata ku Blantyre ndikukhala konkuno ku Matawale. Loweruka 4:30 mmawa ndili kale pa depoti, kuzizira kwa Juni kuja kochokera kuphiri, Sienta ikudikira kuti idzadze, munthu mmodzi yekha akusowa koma mukhala mphindi 40. Mudutse Thondwe, Namadzi, Njuli, kufika ku Limbe mukwerenso minibasi, kulowa mkalasi mutatopa kale ngati mwalima ndime. Madzulo kubwerera, Lamlungu chimodzimodzi kapena kugona kwa achibale amene poyamba amakulandirani ndi nkhuku koma pofika mwezi wachinayi amangoti "mwabweranso". Anthu akamawerengera mtengo wa MBA amawerengera fizi yokha, amaiwala thiransipoti, bando ya intaneti, kupulinta, chakudya chamasana. Ndipo ambiri sagwa pa ma kosi ayi, amakakamira pa dissertation, makalasi akatha aliyense amabwerera ku moyo wake, supavaiza naye ali ndi anthu ake ambiri, chaka chimatha chaputala 3 chili pomwepo. Mwa anzanga a gulu lathu lokambirana tinalipo 6, tinavala gauni limodzi atatu.

Tsopano za ntchito. MBA siinandichotse mkalasi ine. Ndinachoka kaye, MBA inabwera pambuyo. Ndinalowa ku kabungwe kena ka microfinance ngati loan officer, malipiro ake osasiyana kwenikweni ndi a uphunzitsi, kundipatsa njinga yamoto kumazungulira Jali, Mayaka mpaka ku Kachulu kunyanja ya Chilwa kutolera ngongole kwa amayi a geni ya matemba. Anzanga ankandiseka kuti madamu a digiri asanduka a kabaza. Koma zaka ziwiri zimenezo nzimene zinandigulitsa. Tsiku la intavyu ku banki palibe anandifunsa za mmabuku a MBA monga Porter kapena SWOT, bambo wina wa magalasi anangoti "PAR 30 yanu inali bwanji ndipo munkatani munthu akasiya kubweza", ndiye kuti gawo la ngongole zomwe zadutsitsa masiku 30 osabwezedwa. Ndinayankha ndi manambala anga enieni komanso nkhani ya chaka chomwe nyanja inaphwa amayi onse anasowa chogulitsa. MBA inandithandiza pokwezedwa, patapita zaka zitatu.

Chinanso choti mudziwe, mkalasi ya MBA ya kuno simubwera makampani kudzasaka anthu ngati mmene zimakhalira ku masukulu akuluakulu akunja. Okulembani ntchito ndi amene mwakhala naye desiki imodzi. Nde posankha sukulu funsani kuti mkalasimo mumakhala anthu ochokera kuti. Ngati mukufuna banki ndi inshuwalansi, Blantyre ndiye kuli malikulu a National Bank, FDH, NBS, NICO, Old Mutual ndi ena otero. Ngati mukufuna mabungwe ndi ma pulojekiti, kalasi ya ku Lilongwe ingakupindulireni koposa. Zomba wathuyu ndi wa maofesi a boma, NSO, MANEB, asilikali, apolisi ndi yunivesite, chichokereni likulu mu 1975 makampani akuluakulu kuno ndi nthambi chabe, nde konzekaninso kuti mwina mudzasamuka. Amayi akunyumba mwawauza zimenezi?

Mfana_waSadzi anayankha:

INSEAD pa salale ya choko kkkkkk big man mwalota bwino. Fizi yokha ndi pafupifupi ma euro 100,000, simunadye simunalipire nyumba ku Fontainebleau. Gulitsani mpunga wonse wa ku Domasi ndi sikimu yomwe muonjezere ndi phiri la Zomba mwina mufika theka. Koma osakhumudwa ine ndimakusapotani, munandiphunzitsapo mwina.

Wakujoni_265 anayankha:

Achimwene, ine ndiyankhako za ku South Africa poti ndi komwe ndili, ndinabwera 2018 ndipo ndinadutsa mu zonsezi.

Choyamba chomwe anthu akumudzi sadziwa ndi SAQA. Musanafunsire malo pa sukulu iliyonse kuno, mapepala anu akunja amayenera kukawunikidwa ndi bungwe limeneli kuti aone ali pa mulingo uti. MBA kuno ili pa NQF level 9, ndipo kuti mulowe amafuna mukhale ndi level 8, kutanthauza honours kapena postgraduate diploma. Digiri yanga ya zaka zinayi yakumudzi anaiyika pa level 7, nde ndinayamba kaye PGDip chaka chimodzi kenako MBA. Poyamba zinandiwawa, ndinkaona ngati andibweza kalasi, koma kunena zoona kwa munthu wochokera ku sayansi ngati ine ndi inu chaka chimenecho nchimene ndinaphunzira kuwerenga balance sheet osachita chizungulire. Komanso PGDip mukaikhoza bwino, pass ya 2013 ija palibenso amaiyang'ana. Masukulu ena ali ndi khomo lina lolowera poyang'ana zaka zomwe mwagwira ntchito, koma malo ake amakhala ochepa, musadalire pamenepo. Yambani za SAQA msanga, transcript ndi satifiketi zikhale pafupi, zimatenga nthawi.

Masukulu odziwika ndi UCT GSB imene ili ku Waterfront ku Cape Town, mmanyumba omwe kale anali ndende ya Breakwater, GIBS ya University of Pretoria koma ili ku Illovo mu Johannesburg, Wits Business School ku Parktown, ndi Stellenbosch imene kampasi yake ya bizinesi ili ku Bellville. Mukamafufuza muziona zilembo izi: AACSB, EQUIS, AMBA. Amenewa ndi mabungwe atatu omwe amavomereza masukulu a bizinesi padziko lonse, UCT ndi Stellenbosch ali nazo zonse zitatu. UCT ili ndi ya chaka chimodzi yokhala konko, ndi ina ya zaka ziwiri yomangopita ma block nkumabwerera kuntchito. Yachiwiriyo imamveka yokoma kwa munthu wa banja mpaka mutawerengera matikiti a ndege kuchoka pa Chileka kangapo pachaka.

Za GMAT. Anaisintha, pano ndi ya maola awiri ndi mphindi 15, magawo atatu a mphindi 45 lililonse, masamu, chizungu ndi Data Insights, malikisi amayambira 205 kulekeza 805, ndipo zotsatira zimagwira ntchito zaka zisanu. Mtengo ndi pafupifupi madola 300. Ilipo yolembera pakhomo pa intaneti koma ganizirani bwino za magetsi ndi netiweki ya ku Chinamwali, chifukwa kamera ikangoduka pakati pa mayeso ndi nkhani ina. Inu a masamu musadzitame msanga, masamu ake ndi a fomu 4 omwewo koma chimapha ndi nthawi, funso lililonse mphindi ziwiri basi, ndipo gawo la chizungu lija la kupeza pomwe mfundo yafooka ndi limene linandigwetsa ine ulendo woyamba. Masukulu angapo a kuno amalandiranso mayeso ena otchedwa NMAT amene ndi otsikirako mtengo komanso ofewerako, onani pa tsamba la sukulu yomwe mukufuna. Langizo langa, musalipire mayeso aliwonse musanasankhe sukulu. Pa tsamba la eni GMAT pali mayeso oyeserera aulere, lembani amodzi Loweruka likubwerali mutatseka chitseko, malikisi omwe mupeze akuuzani zoona kuposa ife tonse pano.

Koma ululu weniweni ndi forex. Fizi ndi ya ma rand, inu mumalandira makwacha. Ine semesita ina mchimwene wanga anagulitsa poloti kumudzi kuti andithandize, ndalama zili mu akaunti ndithu, invoice ya sukulu tapereka ku banki, koma kudikira masabata ndi masabata kuti apeze forex, uku sukulu yanditsekera zotsatira. Visa ya sukulu nayo imafuna medical aid ya konkuno, police clearance ndi umboni woti ndalama muli nazo, ndipo imakulolani kugwira ntchito maola 20 okha pa sabata. Mukamaliza musaganize kuti ntchito ikudikirani, mlendo kuno kuti alembedwe ntchito ya mu ofesi pamafunika permit ndipo makampani ambiri safuna chintchito chimenecho. Nde ngati mapeto ake nkubwerera kumudzi, funso nloti kodi kampani ya ku Blantyre idzakulipirani ndalama zokwanira kubweza zomwe mwamwaza ku Cape Town? Kwa amene ali kale manejala ndipo kampani ikumulipirira theka, eya. Kwa inu ndi ine, masamu ake muwapange nokha ndinu aphunzitsi.

Achemwali_aKuChawe anayankha:

Ine ndinapita ndi Chevening, ulendo woyamba anandikana osafika ndi pa intavyu pomwe, wachiwiri ndi umene ndinadutsa. Sindinapange MBA, ndinapanga MSc, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Chevening imalipira masitazi ya chaka chimodzi ku UK, fizi, ndege, ndi ndalama yodyera mwezi ndi mwezi. Koma pa MBA pokha anaika malire, amalipira mpaka mapaundi 22,000, yotsalayo mupeze nokha, ndipo ma MBA odziwika kumeneko amadutsa pamenepo kutalitali. Nde munthu umapezeka wapambana sikolashipu koma ukufunikabe mapaundi masauzande angapo a mthumba mwako, uwatenga kuti? Pomwe MSc ya finance, ya agribusiness, ya supply chain kapena development finance amalipira yonse. Ndipo kwa munthu amene akusintha ntchito ine ndimaona kuti MSc imakupatsa dzina lomveka, umabwera nkunena kuti ine ndimadziwa chakuti. MBA imakoma ukakhala kuti uli kale ndi munda woti ukaithire.

Zofunika zake: zaka ziwiri zogwira ntchito zomwe amaziwerengera ngati maola 2,800, inu muli nazo kuchulukitsa kangapo. Mumasankha makosi atatu, ndipo pofika cha mu Julayi chaka chotsatira mukhale ndi malo otsimikizika pa imodzi. Mukamaliza mumayenera kubwerera kumudzi zaka zosachepera ziwiri. Amatsegula cha mu Ogasiti. Malire a zaka zakubadwa palibe, gulu lathu munali a zaka za mma 40. Pa nkhani ya pass, amene angakuvuteni ndi mayunivesite osati Chevening kwenikweni, ambiri amafuna chofanana ndi 2:1 yawo, giredi yachiwiri kuchokera pamwamba pa digiri ya ku UK, nde lowani pa tsamba la yunivesite iliyonse muone zomwe alemba za digiri ya ku Malawi, ndipo alembereni imelo mowauza zaka zanu za ntchito, amayankha. Ena amafewa akaona zaka khumi za ntchito, ena safewa, musataye ndalama ya apulikeshoni kwa osafewawo. IELTS, mayeso a chizungu aja, imalembedwa kudzera ku British Council, zotsatira zake zimatha mphamvu pakapita zaka ziwiri nde musathamangire kulemba.

Tsopano chomwe ndalowera pano. Mwalemba kuti CV yanu ndi choko chokhachokha. Aphunzitsi, mwadziwerenga nokha? Munthu amene amapita kwa alimi ku sikimu, kukambirana mtengo, kusunga katundu, kupunthitsa, kulongedza, kupeza msika ku Limbe, kutolera ngongole kwa eni magolosale, matumba 140 pachaka, ameneyo akuyendetsa supply chain yathunthu, kungoti inu mukuitchula kuti kageni. Ichi nchimene chinandigwetsa ine ulendo woyamba. Ndinalemba ma essay odzadza mawu akuluakulu, ndine mtsogoleri wamasomphenya, ndikufuna kutukula dziko langa losauka, zimene aliyense amalemba. Ulendo wachiwiri mnzanga wina anandikhazika pansi nkundifunsa kuti tandiuze tsiku limodzi lomwe zinthu zinavuta ndipo iwe unachitapo kanthu. Ndinalemba za tsiku limenelo basi, anthu angati, ndalama zingati, ndinalankhula ndi ndani, chinasintha nchiyani.

Inu lembani chonchi: chaka chakuti mpunga unakwera mtengo pa sikimu chifukwa mavenda a ku Blantyre anafika ndi malole, ine ndinatani kuti alimi anga asandithawe. Kapena mmene munachitira kuti welfare ya aphunzitsi isamathere mmaliro mokha koma iyambe kubwereketsa. Kapena dipatimenti ya sayansi munaipeza ana akukhoza angati fizikisi ndipo pano akukhoza angati. Amalawife timachita manyazi kudzitchula, timati "tinayesetsa ndi anzathu", koma owerenga ma essay aja akufuna amve kuti inuyo munachita chiyani. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ndipo nkhani yanu ilumikizane. Musalembe kuti ndatopa ndi uphunzitsi ndikufuna banki, ameneyo ndi munthu wothawa. Lembani kuti ndaona ndi maso anga mlimi wa ku Likangala akugulitsa mpunga wosapuntha motchipa mu Juni chifukwa alibe posunga ndiponso palibe womubwereketsa ndalama yodikirira mpaka Disembala mtengo utakwera, ndikufuna ndikaphunzire za ndalama za ulimi kuti ndidzagwire ntchito pamenepo. Mwaona kusiyana? Wachiwiriyu olo ine ndingamupatse malo. Za kuti mwayi ndi wochuluka bwanji, ndisakunamizeni, ofunsira ndi ambiri zedi malo ndi ochepa, nde ikhale njira imodzi mwa zingapo, osati yokhayo. Kufunsira kwake nkwaulere, chomwe mungataye ndi tulo basi. Yang'ananinso masikolashipu a Commonwealth ndi Beit Trust, ya Beit ndi ya anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha nde mpikisano wake ndi wa anthu a mmudzi umodzi.

Madala_aMaAkaunti anayankha:

Mwana wanga, ine ndine wachikulire pano, ndinapuma ntchito nditagwira za ma akaunti zaka zoposa 30, ndipo ndakhalapo mbali inayo ya tebulo pa ma intavyu ambiri. Ndikuona masukulu asanu mmaiko anayi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Ine ndisiyana nawo pang'ono anzangawa. Ngati mukufunadi kowerengera ndalama monga mwanenera, MBA si khomo lake. Khomo ndi mayeso a uakauntanti, a kunja a ACCA kapena CIMA, kapena a ICAM, bungwe la ma akauntanti a kuno kumudzi. Pa tebulo paja tikalandira makalata awiri, wina MBA wopanda tsiku limodzi mu ofesi ya ndalama, wina wangokhoza mapepala asanu ndi limodzi a ACCA, tinkaitana wachiwiriyo, chifukwa tikudziwa kuti Lolemba tikampatsa bank reconciliation apanga. Wa MBA uja tinkaopanso kuti adzafuna malipiro a manejala pa ntchito yoti sanaigwirepo, nde amakhala wokwera kwambiri pa ntchito yaing'ono komanso wosakwana pa ntchito yaikulu, amangolendewera pakati.

ACCA ndi mapepala 13, mayeso amalembedwa Malichi, Juni, Seputembala ndi Disembala, mukhoza kumalemba limodzi limodzi mmene thumba likulolera muli pantchito yanu yomweyo, kuwerenga usiku ku Chinamwali konko, ofuna makalasi amapita ku Malawi College of Accountancy. Kuti mukhale membala amafunanso miyezi 36 yogwira ntchito yake. Vuto ndi lomwe lija la mapaundi, nchifukwa chake ena amasankha ya ICAM yolipira makwacha. Munthu wa masamu ngati inu mapepala oyambirira simuvutika nawo.

Mukaumirira MBA ya konkuno, chonde musanapereke olo 1 kwacha onani mndandanda wa NCHE, bungwe lovomereza masukulu a ukachenjede, ngati sukuluyo ndi pulogalamu yakeyo zili zovomerezeka, ziwiri zonsezo, chifukwa sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa koma kosi imene mukufunayo ayi. Masiku ano ma MBA a pa intaneti achuluka ngati bowa wa mu Januwale, mwana wa mlongo wanga anamwaza ndalama zambiri pa ina yotero, pepala linabwera lokongola ndi riboni yomwe, kuntchito analikana. ESAMI ndi yakale, likulu lake lili ku Arusha ku Tanzania, ndipo anthu ambiri a m'boma ndi mmabungwe adutsamo, mlamu wanu sakunama. Koma mufunseni kuti pamene ankalowa anali kale pa mpando wanji.

Ndipo ntchito musasiye musanagwire ina. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Choko_ndi_Dasita anayankha:

Eee abale ndathokoza, sindimayembekezera kuti mundiyankha mozama chonchi, ndawerenga kawiri konse ndili mu staff room mpaka belu la piriyodi yachisanu linandipitirira.

Mfana_waSadzi INSEAD ndaichotsa usadandaule kkkk, ndipo ngati ndinakuphunzitsadi ubwere udzatenge chikwapu chako chotsala.

Achemwali_aKuChawe mwandichititsa manyazi mokoma. Nkhani ya malole mwaitchulayo inachitikadi ngati munalipo, chaka chimenecho ndinawapatsiratu alimi anayi ndalama ya feteleza mu Januwale kuti adzandigulitse ine pokolola, atatu anasunga pangano mmodzi anagulitsa kwa mavenda usiku ndipo mpaka lero tikakumana pa Songani amayang'ana kumbali. Sindinaganizepo kuti zimenezi nzolemba mu essay. Vuto langa ndi loti zonsezi zili mu kope la ana asukulu lija la masamba 80, zina ndinalemba ndi pensulo. Bizinesiyo siyolembetsa, akaunti ndi yanga yomweyo yolandirira salale. Kodi zimenezi sadzati ndikupeka?

Madala ndamva, ndipo kunena zoona mawu anu ndi amene andilasa kwambiri. Koma ndikaganiza mapepala 13 kuyambira pa zaka 36, ndidzamaliza mwana wanga woyamba ali ku koleji. Komanso sindikudziwa ngati ndikufuna kukhala akauntanti weniweni, chimene chimandikoka ine ndi mbali ya ngongole ndi malonda a mbewu ija anena a NaPhiri ndi achemwali. Mwina ndilembe mapepala oyambirira okha kuti CV isinthe fungo?

A NaPhiri, amayi akunyumba ndawauza theka. Za sukulu akudziwa, za kusamuka ndi za njinga yamoto sindinayambe.

NaPhiri_waMatawale anayankha:

Kope limenelo musalitaye, ndi chuma. Likopereni mu Excel mwezi uno, chaka ndi chaka, munagula matumba angati pa mtengo wanji, chigayo chinadya zingati, thiransipoti, munagulitsa bwanji, ndani sanabweze. Kenako kalembetseni dzina la bizinesi ku boma, sizodula, mutsegule akaunti yakeyake kuti ndalama ya mpunga isamasakanikirane ndi ya ndiwo. Pakatha miyezi 12 muli ndi bank statement yoti mukhoza kuonetsa aliyense, kaya ndi a sikolashipu, kaya ndi pa intavyu, kaya ndi ife a ngongole amene. Ine anthu amabwera pa desiki panga tsiku ndi tsiku ndi bizinesi zabwinobwino koma opanda pepala olo limodzi, ndimawabweza mtima ukundipweteka.

Mapepala oyambirira a ACCA kapena ICAM eya lembani, Madala sakunama pamenepo, awiri atatu okha amasintha mmene anthu amakuonerani. Ndipo yambani kuponya makalata panopa ku ma microfinance, ma SACCO ndi makampani ogula mbewu, musadikire pepala lina lililonse, muone ngati akuitanani. Akakuitanani awiri mwa khumi ndiye kuti MBA ikhoza kudikira. Transcript kaitanitseni sabata ino pa Chanco poti muli pafupi, muzifuna kulikonse komwe mungapite.

Za amayi akunyumba ndiye musachedwe nazo, ine abambo akwathu ndinawauza njinga itafika kale pakhomo, sabata yathunthu tinkalankhulana kudzera mwa ana.

Loweruka ndimakhala ndili ku Matawale, mukafuna ndikuonetseni CV yomwe ndinalowera nayo ndilembereni ku inbox. Mubwere ndi kope lija, ndi paketi imodzi ya 5kg, wonunkhira uja osati wosweka.